Masipika Osanyengerera Apongozi

Hopeson anazula mawaya, n'kulumikiza masipika aang'ono, kenaka akuluakulu, kenaka aang'ono aja kachiwiri. Mwini sitolo ku Mzuzu anamubwereka mitundu iwiriyi kuti ayesere mu situdiyo yake ku Chikale, ndipo wosasankhidwawo unayenera kubwerera pa minibasi tsiku lomwelo.

Akuluakuluwo ankagunda mokoma, n'kumakwirira zolakwika zonse. Aang'onowo sankanyengerera munthu. Nyimbo ya kwaya ya amayi itangoyamba, liwu limodzi linamveka poyera likusochera, kusiya anzake kutali. Linali la Mayi Longwe, apongozi ake a Hopeson, omwe anakhala kumbuyo kwake atapinda manja.

"Timasipika timeneti n'towonongeka," anatero mayiwo. "Simukumva mmene tikulirira? Tengani akuluwo, bambo a Dolly."

Hopeson ankadziwa kuti akuluwo adzamunamiza mpaka nyimboyo idzafike pa wailesi, dziko lonse n'kumva. Koma mkamwini angauze bwanji apongozi ake kuti akuphonya nyimbo? Anaimirira, n'kukhalanso.

"Amayi, mwina ndi waya. Ndiloleni ndikonze."

Anawerama ngati akugwiragwira waya, uku dzanja linalo likutsitsa pa kompyuta liwu la mayiwo, lomwe analijambula palokha, mpaka linazimiririka. Ataiikanso, nyimbo inayenda myaa.

Mayi Longwe anatsinzina, n'kumagwedeza mutu mpaka kumapeto.

"Basi, tsalani ndi aang'onowa," anatero. "Chiyambire kuimba, sindinadzimvepo bwino chonchi."