Meshack ndi bambo Paye

Panali munthu wina kuno ku Nkhata Bay, dzina lake Meshack, ndipo nkhaniyi ndi yoona, mukafunse aliyense pamsika. Kwa zaka zambiri ankayendetsa lole ya usipa, malipiro ake nkumalandira pamanja. Chaka chatha mwayi unamugwera, analembedwa udalaivala pa ofesi ina ya boma.

Mwezi utatha anamupatsa peyisilipi yake yoyamba. Pamwamba panali ndalama yonona, ija anamuuza pomulemba ntchito. Pansi, yolowa ku banki, inali yoonda. Pakati panali mzere wolembedwa PAYE, ndipo ndi umene unadula kwambiri.

"Mayi a Olivia," anatero kwa mkazi wake Ndaona, "kuli munthu akundidyera. Dzina lake Paye."

"Ndiye mawa mukafunse ku akaunti, bambo a Olivia. Si ntchito yawo?"

"Ndikafunse akuba omwewo? Azikandiseka kuti ndine wakumudzi?"

Sanapite. M'malo mwake ankangodandaula paliponse, mpaka tsiku lina akumwa tiyi pafupi ndi doko, bambo wina wa tayi anakokera mpando pafupi. Anati dzina lake ndi Cyrus.

"Ada, Paye ameneyo ndimamudziwa, amakhala ku likulu. Waliza anthu ambiri. Ine ndimamuchotsa pa mapepala a anthu, ulere. Mungondibwereka peyisilipi ndi chitupa cha unzika, musaine apa ndi apa."

Mapepalawo anali a Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono. Meshack anasaina osawerenga, anamugulira Cyrus tiyi, chitupa chinabwezedwa madzulo ake. Kunyumba anauza Ndaona kuti ayambe kusankhiratu malata.

Mwezi wotsatira anatsegula peyisilipi ina. PAYE analipobe, ndipo pansi pake panabadwa mzere wina, wodula kuposa woyambawo. Yotsala siinkakwana ngakhale lendi. Apa ndiye anathamangira ku akaunti, komwe anapeza mayi Enelesi.

"PAYE si munthu, a Meshack," anatero mayiwo. "Ndi msonkho wa boma, tonse timadulidwa, ngakhale abwana. Koma mzere uwu ndi ngongole. Munatenga ku kampani yobwereketsa ndalama, azikudulani kwa zaka zitatu."

"Ine sindinatenge ngongole."

Mayi Enelesi anaitanitsa fomu ku kampaniyo. Chitupa chake, peyisilipi yake, siginecha yake, kawiri. Chokhacho chomwe sichinali chake inali nambala ya foni yomwe ndalama zinatumizidwako. Meshack anangokhala pansi pa simenti, osapempha ndi mpando womwe.

Koma imvani izi, ndi za Lachiwiri lomweli. Ndaona anali atauza amayi onse ogulitsa nsomba nkhani ya bambo wa tayi uja. Amayiwo anamuona ali pa mzere wokwera sitima ya Ilala, akulankhula mokoma ndi mphunzitsi wina watsopano, peyisilipi ili kale m'manja. Anamuzungulira ndi mabeseni awo mpaka apolisi anafika. Mphunzitsiyo anapulumuka asanasaine!

Meshack yekha akudulidwabe mpaka mlandu udzathe, chifukwa akampani akuti dzanja lomwe linasaina ndi lake.

Phunziro: Mawu alionse amene simukuwamvetsa pa peyisilipi, kafunseni ku akaunti, manyazi asiyeni panja. Peyisilipi ndi chitupa musapatse munthu wamumsewu, ndipo musasaine chomwe simunawerenge. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene wangoyamba kumene ntchito, mwezi usanathe.