Jekete Yofiira

Wowotcherera zitsulo wina atakweza matilesi anapeza jekete yofiira palibe. Ndiyo anavala tsiku limene anathawa gulu la achifwamba la Chipsera, ndipo anyamata a gululo anauzidwa kuti akangoona woivala, athane naye osafunsa mafunso.

Anatuluka panja. Mayi eni nyumba anali pampopi, akutsuka mbale.

"Amayi, munalowa m'chipinda mwanga?"

"Nanga ndidikire nsikidzi zanu zisamukire kwanga? Jekete ija ndachapa, ndipo amuna anga aibwereka. Chovala chabwino chotere n'kumachigonera?"

"Alowera kuti?"

"Kumsika, kukagula makala. Atchena ngati mkwati."

Kumanzere kunali kanjira ka m'mbali mwa ngalande kotulukira kudepoti, kamene anakaloweza kalekale podziwa kuti tsiku lotere lidzafika. Kumanja kunali msika, kumene sanapondeko chibwerere, poti anyamata aja sachokako. Anayang'ana manja a mayiwo ali thovu lokhalokha, manja amene ankamufunditsira madzi osamufunsa kumene anachokera.

Anavula chipewa chimene chinkabisa nkhope yake, nachikoleka pamsomali wa pakhomo.

"Mwaiwala chipewa, achimwene."

"Chisungeni, amayi," anayankha akuthamangira kumanja.