Manyazi a Apongozi

Chibwerere lamulo lakuti wodwala amene sakuzindikiranso abale ake azikasungidwa ndi boma, Ezelina ankangoti aliyense wovala yunifolomu kumuyang'ana ndi diso lofiira. Amayi ake, a Nankhoma, anali ataiwala zonse, ngakhale kutafuna. Iye ankawanyowetsa milomo ndi kansalu, n'kumawatembenuza kuti asatuluke zilonda.

Tsiku lina woyeza wa boma anafika, makina olankhula ali pachifuwa.

"Mayi, uyu ndani?" anafunsa makinawo, woyeza akuloza Ezelina.

A Nankhoma anangoyang'ana kudenga.

"Galimoto idzawatenga mawa," anatero woyeza.

"Taimani kaye," anatero Ezelina. "Abambo a Tiyanjane, talowani!"

Mwamuna wake, yemwe chikwatirire anali asanapondemo m'chipinda cha apongozi ake, anavula chipewa n'kulowa. Dzanja lowonda la a Nankhoma linafufuza chitenje, n'kuchikokera kumaso pang'onopang'ono.

"Mwaona? Inu mlendo sanakubisireni nkhope. Mkamwini wawo akumudziwa."

"Makina akufuna atchule dzina, mayi."

"Dzina la mkamwini? Amayi sanalitchulepo ali bwinobwino, ndiye alitchule lero poopa makina? Galimoto yanuyo isawononge mafuta."