Katsopano ka Amalume

Shakila anadina batani loyatsira kompyuta kachitatu. Fani inangogwedezeka n'kuima, sikirini ili bii. Kompyutayi anali ataimanga yekha dzulo lake, ndipo pakhonde makasitomala awiri ankadikira kuti awatayipire makalata.

Anazula ramu, kachipangizo kothandiza kompyuta kukumbukira zinthu, n'kuibwezera. Anakanikiza mawaya onse. Kenako anamva fungo, likuchokera m'kabokosi kogawa magetsi kamene amalume ake, a Sumani, anamugulitsa.

Atakatsegula, mphemvu zinabalalika pathebulo, ina n'kumukwera pamkono. M'katimo munali kakhoswe kowola, katakanirira pamawaya otafunidwa.

"Wallahi, n'katsopano kameneko," analumbira motero a Sumani ali pakhomo, osayandikira.

Shakila ananyamula kabokosiko. Anapita pakhomopo n'kuwapatsa m'manja.

"Ndiye kanunkhizeni, amalume."

A Sumani anatembenuza nkhope.