Laputopu Imene Sinkazimitsidwa

Panali bambo wina wogulitsa mankhwala mu famase, amene anzake ankamutchula kuti Tione. Dzinali linabwera chifukwa chilichonse chimene wagwira ankayamba ndi mawu akuti "tione kaye mkatimu." Wailesi, ayironi, galimoto yoseweretsa mwana, zonse zinaonedwa mkati, ndipo si zonse zimene zinatsekekanso. Amene anandiuza nkhaniyi amagwira naye ntchito, ndipo akuti ndi yoona.

Tsiku lina Tione anamva za Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, imene munthu amatha kuisuzumira mkati n'kuisintha mmene akufunira. Mtima wake sunakhalenso m'malo. Pakhomo panali laputopu imodzi yokha, ya mkazi wake, ndipo inali itayamba kuchedwa. Anamunyengerera mpaka mkaziyo analola, bola zolemba zake zisasowe.

Linux inalowa bwinobwino ndipo laputopu inayamba kuthamanga ngati yatsopano. Koma wayifayi inali zii. Foni zonse m'nyumbamo zinkalumikiza, laputopu yokha ndi imene sinkaona kanthu.

Tione anaimbira mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, amene amakonza makompyuta pa kampani ina. Mlamuyo anafotokoza kuti kachipangizo ka wayifayi kamene kali mkati mwa laputopu n'kabwinobwino, kungoti kamafuna kapulogalamu kakekake kotchedwa dalaiva kuti kazimvana ndi Linux.

"Koma alamu, ndimakudziwani," anatero. "Muziyesa chinthu chimodzi, muone, kenako china. Ikagwira, muizimitse n'kuiyatsanso. Ikadzuka ili ndi wayifayi, pamenepo ndiye mwakonza."

Tione anavomera ndi pakamwa pokha. Ankapita nayo laputopu kuntchito, n'kuilumikiza ndi chingwe cha intaneti m'kachipinda kosungira makatoni, ndipo nthawi yopuma yonse inkathera pamenepo. Zinthu zake zinamukomera. Anadziwa dzina la kachipangizoko ndi chifukwa chake ena amati kamavuta. Wina pa intaneti akalemba kuti kwa iye zinatheka chonchi, Tione ankayesa. Asanaone n'komwe zotsatira, wapeza kale wina wonena zosiyana, nazonso n'kuyesa. Munthu amene amauza odwala kuti asamaphatikize mankhwala mwachisawawa anaiphatikizira laputopu chilichonse chimene anapeza.

Masana ena anangoona kuti wayifayi yatulukira. Anasangalala mpaka anaitana mnzake kuti adzaone. Koma mnzakeyo atamufunsa kuti wakonza bwanji, Tione anakanda mutu. Pa zonse zimene anayesa, sankadziwa kuti chagwira ndi chiti.

Apa m'pamene munthu wofuna kudziwa chilichonse anasankha kusadziwa. Anaika chala pa batani lozimitsira, mantha n'kumugwira, n'kuchichotsa. Madzulo anapereka laputopu kwa mkazi wake monyadira, n'kumuuza kuti makina a masiku ano safuna kuzimitsa, umangoipinda basi. Mlamu wake atafunsa ngati anayesa kuzimitsa, anayankha kuti zonse zili bwino.

Mkaziyo anali atafunsira ntchito ya ulembi, ndipo anali atakhala nthawi yaitali akuisakasaka. A kampani imene anafunsirako anamuitana ku intavyu ya pa intaneti, yokhala ndi mayeso otayipa amene sakanatheka pa foni. Poti kunyumba kunali phokoso la ana, anakonza zokachitira kwa akulu ake. Ulendo unali wautali ndithu, ndiye asanakwere basi anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita. Anaizimitsa laputopu kuti asunge batire.

Atafika anayala nsalu patebulo, n'kukhala bwinobwino, n'kuyatsa. Wayifayi kunalibe. Anaimbira mwamuna wake, amene pa nthawiyo anali ndi mzere wa anthu pa kauntala. Tione anathamangira m'kachipinda kaja n'kuyamba kumutchulira zoti alembe, chilembo chimodzichimodzi, zina akuzikumbukira theka, zina akungolota. Mkaziyo ankalemba, laputopu n'kumayankha zinthu zimene onse awiri sankazimva. Pamene Tione anakumbukira kuti akanatha kungolumikiza foni ku laputopu ndi chingwe kuti iigawire intaneti, a kampani aja anali atatumiza kale uthenga wopepesa, kuti adikira mokwanira ndipo apitiriza ndi ena.

Mkaziyo anabwera kunyumba osalira komanso osakalipa, ndipo zimenezi n'zimene zinamuwawa kwambiri Tione. Iye anamulongosolera mkaziyo zonse, kuti makina ndi ovuta, kuti opanga kachipangizoko ndi amene amabisa zinthu. Mkaziyo anamusiya mpaka anamaliza.

"Bambo a ana, ndingofunsa chimodzi. Munkadziwa kuti ikazima ikhoza kusadzuka nayo wayifayi?"

Tione anati ankakayikira.

"Ndiye munandisiya ndipite nayo."

Loweruka lotsatira Tione anakhala pansi n'kuyamba kuyesa chimodzichimodzi, akuzimitsa ndi kuyatsa. Anapeza kuti dalaiva yoyenera inalimo kale, koma ankaidzutsa ndi dzanja osadziwa. Chimene chinatsala chinali kungoiuza laputopu kuti iziidzutsa yokha ikamayaka. Unali mzere umodzi wokha wa mawu olamula laputopu, ndipo anaulemba tiyi wake asanazizire. Anaitana mkazi wake kuti aone, akuzimitsa n'kuyatsa, wayifayi n'kumabwera yokha. Mkaziyo anayang'ana, n'kunena kuti zili bwino, kenako anatenga laputopu ija n'kuyamba kulemba kalata ina yofunsira ntchito.

Phunziro: Chinthu chikagwira ntchito koma iwe osadziwa chifukwa chake, usanene kuti wakonza. Chiyese pamene palibe amene akuchidalira, ndipo ngati ukukayikira, muuze mwini wake asananyamuke nacho. Tumizani nkhaniyi kwa onse okonda kutsegula zinthu, makamaka amene amatsegula za anzawo.