Makobidi Owala

Simeon anamasula mfundo ya kansalu, n'kuyala makobidi asanu ndi awiri patebulo m'tiyirumu ya pa Namitete. Onse ankawala ngati angotuluka kumene kubanki.

A Bizwell, bambo wogula ndalama zakale amene anabwera kuchokera mumzinda wa Lilongwe m'mawa womwewo, sanawakhudze. Anangowayang'ana, nkhope ikugwa.

Makobidiwo anali a malemu agogo ake a Simeon, a m'nthawi ya Chitaganya. Zaka zonsezi ankangokhala m'kachitini, akuda, odzaza madontho. Simeon anawakumbukira matalala atang'amba fodya wake yense m'munda, nkhokwe itatsala mbee. Mnzake Thomson anali atamupezera ntchito yosamalira maluwa ku Joni, koma bwana wa kumeneko anati adikira mpaka kutha kwa mwezi basi. Dalaivala wa thiraki amene anavomera kumutenga ankanyamuka madzulo a tsiku lomweli lokumana ndi a Bizwell.

A Bizwell ataona zithunzi pafoni sabata yatha, analonjeza K450,000. Ulendo wonse unatsamira pa ndalama imeneyo.

Simeon ankayembekezera kuti mkazi wake, Nelia, akana. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mlamu wake wina anapita ku Joni komweko zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mpaka lero zii. Koma Nelia sanatsutse. Anamuchapira zovala, anamukazingira mtedza wa panjira, ndipo dzulo lake, Simeon pobwera kotsanzika abale, anamupeza atakhala pakhonde akukwecha makobidi aja ndi phulusa, mchenga ndi mandimu.

"Munthu wa m'tauni angagule zinthu zakuda chonchi?" anatero Nelia. "Mungachite manyazi."

Simeon ataona zala za mkazi wake zitasupuka, misozi inalengeza. Anadziuza kuti akangolandira malipiro oyamba, amutumizira nsalu ziwiri.

Tsopano a Bizwell anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu, nanyamula khobidi limodzi m'mbali mwake. Analitembenuza. Anatenga lina. Kenaka anapuma mozama.

"Achimwene, ndinu mlimi wa fodya, eti?"

"Eya, bwana."

"Ndiye mukudziwa za magiredi. Makobidi nawonso ali ndi magiredi. Kunja kumene ndimawatumiza amawaunika ngati tsamba ku okushoni. Kuda kuja, madontho aja, ndiye umboni woti palibe analiseweretsa. Suzumirani apa."

Simeon anasuzumira m'kagalasimo. Nkhope ya mfumukazi inali yokalikakalika ngati pansi pa poto. Tsitsi lake linali litafufutika.

"Lokwechedwa salipatsa giredi n'komwe," anatero a Bizwell. "Amangolemba kuti lotsukidwa, basi. Onsewa ndingakupatseni K20,000, nayonso chifukwa ndawotcha kale mafuta."

Simeon anadzambatuka pabenchi.

"Bwana, ndi omwe aja munawaona pachithunzi! Sindinasinthe ngakhale limodzi!"

"Ndikudziwa."

"Nanga tikawadetsanso? Ndiwakwirire m'dothi, kapena ndiwaike pautsi. Ndipatseni maola awiri okha."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi sizibwerera ndi utsi, achimwene. Chitsulo chimene chachoka chachoka."

"Theka lokha, bwana. Chonde. Kunyumba kulibe ngakhale thumba limodzi la chimanga, ndipo mkazi wanga ndi woyembekezera. Ntchito ija ikandiphonya, tidya chiyani?"

Anagwada pasimenti, osasamala anthu amene anasiya kumwa tiyi n'kumamuyang'ana. A Bizwell anamugwira paphewa kuti adzuke, koma mutu anapukusabe.

Simeon anakhalanso pabenchi, nayamba kukulunga makobidi ake limodzilimodzi. Mumtima analumbira kuti sadzamuuza Nelia chimene chachitika. Adzangoti wogulayo anasintha maganizo. Mayi wapakati, amene anadzisupula zala pofuna kumuchotsa manyazi, asasenze mlandu wa chinthu chimene sankachidziwa. Wolakwa anali wina.

"Koma inu bwana," anatero Simeon, "mumadziwa zonsezi. Munalephera bwanji kutichenjeza? Ife anthu akumudzi tikanadziwira kuti?"

A Bizwell anakwinya nkhope modabwa.

"Kodi sanakuuzeni? Mayi akunyumba kwanu anandiimbira okha Lachitatu, pafoni yanu yomweyi, kufunsa chimene chingagwetse mtengo wa makobidiwa mpaka pansi. Ndinawauza zonse zoti apewe. Anandipempha kuti ndibwereze kawiri, kenaka anathokoza kwambiri."