Tsitsi la Morven

Dougal anagwetsera pansi mkazi wake Morven n'kumukanikiza ndi bondo pamsana, sizasi ili m'manja.

"Khala phee, chitsiru iwe! Mawa aboma akudzayeza tsitsi lako, ndipo tsitsi silinama. Akakapezamo mankhwala ozunguza bongo a heroini aja, mwana wathu Ailsa sadzatibwezeranso!"

Morven anamuluma dzanja. Dougal anamumenyetsa nkhope pansi, n'kumeta mpaka sizasi inadya khungu, magazi n'kuyenderera m'khutu. Tsitsi lonse analiwola n'kuliponya pamoto.

"Udzandithokoza," anatero ali wefuwefu.

Morven analavula magazi, maso ali pa tsitsi lake likunyeka.

"Ine heroini ndinasiya tsiku lomwe anadzatenga mwana lija, Dougal. Gawo langa ndakhala ndikulitaya m'chimbudzi. Mboni yanga inali tsitsi limenelo basi."